Musangofunsa za tesla pojambulitsa chiwindi

Kuno ku Hurlingham, kufupi ndi msewu wa Argwings Kodhek womwe umadutsa pa Nairobi Hospital, ndimalandira abale ochokera kumudzi odzajambulitsa chiwindi pa makina a MRI. Ambiri sanatule n'komwe chikwama, funso lili kale pakamwa: "Kodi makinawo ndi a 3 tesla?"

Sindiwadabwa. Makina oyamba kwathu, omwe anaikidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, anali ndi maginito a 0.35 tesla basi, ndipo anabwerera kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana. Koma pa chiwindi, 1.5 tesla imakwana. Ya 3 tesla imaonetsa tinthu ting'onoting'ono, inde, komabe mimba ikadzadza madzi chithunzi chimatha kuda pakati.

Ine ndimati afunse za mankhwala obaya mumtsempha, a gadolinium. Mtundu wina, Primovist, umayamwidwa ndi maselo a chiwindi. Pakatha mphindi 20 mbali yabwino imawala, zotupa zambiri za khansa n'kutsala zakuda. Mankhwalawa amatulukiranso mu impso, ndiye yezetsani impso musanagule tikiti ya ndege. A hepatitis B, tengani zotsatira zanu zonse, ngakhale kabuku kothimbirira ka kuchipatala kaja.