Kodi ukapolo unathadi?

Ana inu a ku Chiuta, munaionapo sitima ikudutsa pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala? Mbewu za kwathu, monga fodya, tiyi ndi nandolo, zimatulukira pa madoko ngati limeneli popita maiko akutali. Kale ogula ankangofunsa mtengo. Lero malamulo akuwakakamiza kufunsanso kuti, "Kodi analima ndani, ndipo analipidwa?"

Chifukwa chake n'chakuti ukapolo sunatheretu. Malonda ogulitsa anthu anatha m'dera lathu m'zaka za m'ma 1890, koma ukapolo wa lero ulibe goli kapena unyolo. Umabwera ndi mawu okoma. Munthu amafika pamudzi n'kulonjeza ntchito yabwino, kenaka banja lonse limakwera lole kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji. Kumeneko chimanga, mchere ndi feteleza zonse n'zangongole. Fodya akagulitsidwa, bwana amadula ngongoleyo, banja n'kutsala chimanjamanja, lopanda ngakhale yokwerera basi. Ana amasiya sukulu n'kumathyola ndi kusoka fodya, ndipo poizoni wa m'masamba aawisi amalowa pakhungu n'kuwachititsa nseru ndi chizungulire.

Nanga malamulo akuti chiyani?

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Mu 2021 aphungu analikonzanso n'kuthetsa utenanti, womwe ndi ulimi wa pangongole wa m'maesiteti uja. Lamulo lina la mu 2015 limati wozembetsa mwana atha kukhala kundende mpaka zaka 21.

Maiko ogula nawonso anadzuka. Mu 2015 dziko la Britain linalamula makampani akuluakulu kuti chaka chilichonse azifotokoza zimene akuchita pothana ndi ukapolo kumene amagula katundu. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake, mpaka wogulitsa atasonyeza kuti sanalimidwe mokakamiza anthu.

Koma dziwani kuti kuthandiza makolo kupalira mpunga kapena kuyanika matemba mukaweruka si mlandu. Choipa ndi ntchito yokulandani sukulu, tulo ndi thanzi.

Tsono mnzanu akasowa m'kalasi, kapena mlendo akakulonjezani ntchito kutali, musakhale chete. Uzani aphunzitsi, amfumu kapena apolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mwana si katundu, ndipo malo ake ndi m'kalasi.