Mukafika ku Britain, yambani ndi dokotala ndi basi

Kwa wophunzira amene wangotsika ndege ku London, malangizo anga ndi awiri: lembetsani kwa dokotala musanadwale, ndipo dziwani kayendedwe msanga.

Tiyambe ndi zachipatala. Pofunsira viza munalipiratu ndalama ya zaumoyo, mapaundi 776 pachaka, choncho thandizo la zipatala za boma, zotchedwa NHS, ndi lanu. Koma kumeneko wodwala samangofikira kuchipatala chachikulu n'kukhala pamzere. Amayambira kwa dokotala wa m'dera lake, wotchedwa GP. Kulembetsako n'kwaulere, ndipo ine ndimati chitani sabata yoyamba yomweyo. Thupi likavuta usiku imbani 111. Nambala ya 999 ndi ya pamene moyo uli pachiswe.

Ichi ndiye ndikutsindika: mukatentha thupi mutangobwera kuchokera kumudzi, muuzeni dokotala kuti mwachokera kudziko la malungo. Iye sangawaganizire msanga, pomwe malungo sadikira.

Kumbali ya maulendo, mabasi a London anasiya kulandira ndalama pamanja mu 2014. Mukakwera, mumagunditsa khadi la kubanki kapena khadi loyendera la Oyster pa kachipangizo kachikasu pafupi ndi dalaivala. Mukasintha basi ola lisanathe, simulipiranso. Khadi la Oyster la ophunzira limachotsera 30 peresenti pa matikiti a sabata kapena mwezi, ndipo khadi la 16-25 Railcard limadula gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima.

Abale anga, konzani zimenezi maphunziro asanafike pachimake. Wodwala ndi wochedwa saphunzira bwino.