Madooko a pa Zambezi ndi pa Shire

Munthu wa ku Chadiza amene agwira nchito pa mgodi ku Kitwe kapena ku Mufulira, akamva nkhani ya masitima a pamadzi, amayesa kuti ndi nkhani ya anthu a kunyanja okha. Kwao kulibe mtsinje woti ngalawa yaikuru n'kuyendamo. Timitsinje tambiri timaphwa m'cilimwe, ndipo akazi amafukula madzi pamcenga. Komatu katundu wambiri wa m'masitolo oyamba a ku Fort Jameson, kumene tsopano kuchedwa Chipata, anayamba wayenda pamadzi masiku ambiri asanasenzedwe pamutu. Dooko la anthu a kum'mawa linali Tete, mzinda wa m'mbali mwa Zambezi.

Ulendo wa katunduyo unali wotere. M'caka ca 1889 Daniel Rankin anaonetsa kuti pa Chinde, pamene mbali imodzi ya Zambezi ithira m'nyanja yamcere, masitima angathe kulowa. Pa cipangano ca 1891 Apwitikizi anabvomera kubwereka Angerezi kadziko kakang'ono pa Chinde pomwepo, kuti katundu wopita ku maiko a Angerezi a kumtunda atsikirepo wosalipira msonkho wa Apwitikizi, ndipo Zambezi ndi Shire inatsegulidwa kwa masitima a mitundu yonse. Pa Chinde katundu anali kulongedwa m'masitima ang'ono a pamtsinje. Amenewa anali aphwathalala pansi kuti asakhudze mcenga, ali ndi gudumu lalikuru kumbuyo lopalasa madzi, ndipo m'mbali mwace anali kumangamo ngalawa zacitsulo zodzala mitolo. Moto wace unali wa nkhuni, kotero kuti midzi ya m'gombe inali kupeza ndarama pounjika nkhuni pa malo oima sitima. Kutsogolo kunali kuima munthu ndi nsungwi yaitali, kuyesa madzi ndi kupfuula kuya kwace. Usiku sitima inali kumangidwa ku mtengo, pakuti mcenga wa Zambezi umasamuka, ndipo pamene panali pozama caka catha pakhoza kukhala cisumbu caka cino.

Masitima ena anali kukhotera m'Shire kunka ku Nyasaland. Ena anali kupitirira, kudutsa pa mpata wa Lupata, kufikira ku Tete. Kumtunda kwa Tete kunali mathithi a Kebrabasa, amene anabweza David Livingstone m'caka ca 1858, motero ulendo wa pamadzi unali kuthera pomwepo. Kucokera apo inali nchito ya amtenga-tenga. Kampani ya North Charterland, imene inatenga dziko lalikuru m'dera la Mpezeni, inali kudalira njira ya ku Tete, yolowera kumalire a kumwera kwa Fort Jameson, mbali imene kuli Chadiza.

Tsono dooko ndi ciani kweni-kweni? Mlendo akafika amaona gombe, madzi ndi sitima, naganiza kuti waona zonse. Koma kuseri kwa sitima imodzi kuli anthu ambiri. Pali amisiri osula ndi okhoma zitsulo, amene amazigamba pamene zaboka. Pali potsetsereka pokokerapo sitima kumtunda kuti aione kumimba. Pali nyumba zosungiramo katundu, alembi owerenga mitolo, anyamata okweza ndi kutsitsa, amai ogulitsa nsima ndi nsomba kwa anchitowo. Woposa onse ndi woongolera, munthu amene wakulira pamtsinje, wodziwa kuwerenga nkhope ya madzi monga mlenje awerenga mapazi a nyama. Nzeru yoteroyo siilembedwa m'buku, ndipo imapita kwa mnyamata pokha-pokha ngati ayenda ndi mkuluyo zaka zingapo.

Anthu a pa migodi sabvutika kumva zimenezi. Iwo adziwa kuti mgodi ukaleka kukumbidwa, mapampu sayenera kuleka. Akaima, madzi amatenga malo ao. Mgodi wa Nchanga unadzala madzi m'caka ca 1931, ndipo panapita zaka zingapo usanatsegulidwenso. Dooko nalonso litero. Masitima akaleka kubwera, mcenga umatseka njira, zitsulo zimacita dzimbiri, amisiri amabalalika kukafuna nchito kwina, ndipo malo a m'gombe amatengedwa ndi ena amene alibe kanthu ndi masitima.

Madooko a pa Shire anafa limodzi-limodzi, kuyambira kumtunda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'Nyanja ya Nyasa anatsika kwambiri, ndipo Shire, amene amwa m'nyanjayo, anacepa. Masitima amene kale anali kufika kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, anayamba kuthera pa Chiromo, pambuyo pace pa Port Herald, ndiko ku Nsanje. Njanji inali kutsata madzi akuthawawo: inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908, kenaka inatsikira ku Chindio, pa gombe la Zambezi. Caka ca 1922 cinabvuta Chinde kawiri: namondwe woopsa anaononga mzindawo ndi kumiza masitima, ndipo njanji yocokera ku Beira inafika pa Zambezi. Mu 1923 Angerezi anasiya kadziko kao kaja. Pamene ulalo wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatsegulidwa mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kuoloka yokha, ndipo nchito ya masitima oolotsa inatha. Ku Tete nako zinthu zinasintha. Mseu waukuru wocokera ku Lusaka unatembenuza nkhope ya Fort Jameson kuti ipenye kumadzulo; njanji inafika ku Moatize mu 1949; ulalo woyamba wa pa Tete unamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Palibe wanzeru amene angadandaule kuti njanji ndi mseu zinabwera. Zinafupikitsa ulendo wa masabata kukhala wa masiku, ndipo zinatula mtolo pamutu pa amtenga-tenga, amene ambiri a iwo sanali kusenza mwa kufuna kwao. Colakwika cinali kuyesa kuti popeza njira yatsopano yapezeka, yakale ingotayidwa. Kampani ya Sena Sugar Estates, imene inali ndi minda ya nzimbe ku Luabo ndi ku Marromeu, inasunga masitima ace a gudumu kufikira m'zaka za m'ma 1970. Mtsinje unali womwewo, mcenga womwewo. Kusiyana kwace kunali kuti iwo anali ndi shuga woti anyamule caka ndi caka, ndi amisiri ao-ao okonza masitimawo.

Kumene Shire aturukira m'nyanja kuli citsanzo cina. Fort Johnston, tsopano Mangochi, unali mzinda wa masitima. M'dera limenelo anamangamo Guendolen, sitima yankhondo imene mu August 1914 inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Momwemonso anamangamo Chauncy Maples ya amishoni. Njanji itafika m'mbali mwa nyanja ca ku Salima mu 1935, katundu anapeza khomo lina, ndipo nchito ya masitima inasamukira ku Monkey Bay. Ku Mangochi kunatsala zikumbutso: nsanja ya koloko, mfuti ya Guendolen, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nzabwino kuziona, koma sizilemba munthu nchito yokhoma zitsulo. Ku Monkey Bay, kumene malo okonzera masitima anasungidwa, Ilala, imene inapangidwa ku Scotland ndi kumangidwa pomwepo, inayamba ulendo mu 1951 ndipo inatumikira anthu a m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 70. Sikuti citsulo cace cinali ca mankhwala ai. Panali pokonzera, panali okonza.

Kudzutsa dooko lakufa kwayesedwa, ndipo kwaoneka kubvuta kwace. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika, mtsogoleri wa Malawi, anatsegula dooko latsopano ku Nsanje, pamaso pa Rupiah Banda wa Zambia ndi Robert Mugabe wa Zimbabwe. Khoma lalikuru la simenti linali litamangidwa m'mbali mwa Shire, anthu anasonkhana, koma ngalawa ya feteleza imene inayenera kufika tsikulo inaimitsidwa m'Mozambique. Boma la kumeneko linati mtsinje sunapimidwe, ndipo sipanadziwike zimene kukumba mcenga kungacite kwa nsomba, minda ndi anthu a m'madambo. Mau amenewo ali ndi nzeru, ngakhale kuti aliyense adziwa kuti katundu wa Malawi amalipira ndarama pa madooko a Beira ndi Nacala. Amene anamanga khomalo anayamba ndi cinthu cosabvuta, nasiya zobvuta: cipangano ndi mwini mtsinje wa kumunsi, njira yokumbidwa bwino, masitima, ndi anthu odziwa kuwayendetsa.

Ngakhale a ndarama zambiri anapunthwa pa mwala womwewo. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula migodi ya malasha ya ku Tete pa mtengo wa madola mabiliyoni oposa 3, ikuyembekeza kutsitsa malashawo pa Zambezi m'ngalawa zazikuru. Boma la Mozambique linakana, njanji ya ku Beira inali yosakwanira, ndipo mu 2014 migodiyo inagulitsidwa pa madola 50 miliyoni okha.

Maiko ena anazindikira msanga kuti cobvuta kubweza ndico malo. Ku London, pa mtsinje wa Thames, madooko akuru-akuru anatsekedwa, otsiriza mu 1981, ndipo pamalo pace panamera nyumba zazitali za maofesi ndi zogonamo olemera. Gombe la m'mzinda limakoma kwa womanga hotela, ndipo iye angathe kulipira koposa mwini ngalawa ya mcenga ndi miyala. Poona kuti posacedwa sipadzatsala potsitsira katundu, mu 1997 Boma linaika lamulo loteteza madooko ena, kuti asasandutsidwe nyumba popanda cilolezo capadera. Malo amenewo ngosakongola, ali ndi pfumbi ndi phokoso, koma ngalawa imodzi ya matani 1,000 ikakocezapo, malori oposa 30 a matani 30 amakhala acotsedwa pa mseu.

Mzinda wa Tete wakula kwambiri cifukwa ca malasha, ndipo mu 2014 unalandira ulalo waciwiri, wa Kassuende. Katundu wa anthu a kum'mawa akali kudzera ku Tete monga kale, koma tsopano amaoloka Zambezi pamwamba, osaugunda. Malori a feteleza ndi mafuta ocokera ku Beira amalowa m'Zambia pa Chanida, m'boma la Chadiza, nakumana ndi ena onyamula mkuwa wa ku migodi akutsikira kunyanja. Mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume akagula thumba la feteleza, mu mtengo wace muli dizilo ndi matayala a ulendo wonse wocokera ku Beira.