Kuphunzitsa za Mapeputayidi, Amithenga a m'Bongo

Ophunzira ambiri amaganiza kuti mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi ndi yolumikizana monga waya wamagetsi. Mphunzitsi ayenera kuongola ganizo limeneli msanga. Pakati pa selo ndi selo linzake pali kampata kotchedwa synapse, ndipo uthenga umaoloka pamenepo ndi mankhwala amene selo loyamba limatulutsa. Otto Loewi adatsimikiza zimenezi m'chaka cha 1921 poyesa mitima ya achule.

Ena mwa amithengaŵa ndi mapeputayidi, ndiye kuti maamino asidi oŵerengeka olumikizana monga mikanda pa ulusi. Substance P, imene Ulf von Euler ndi John Gaddum adaipeza mu 1931, ili ndi maamino asidi 11, ndipo imathandiza kunyamula uthenga wa ululu. Mtsempha umaitulutsa pamene tsabola wa kambuzi waŵaŵa palilime. M'chaka cha 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen adapeza m'bongo wa nkhumba mapeputayidi aŵiri otchedwa enkephalin, amene amachepetsa ululu. Iliyonse ili ndi maamino asidi asanu okha.

Pophunzitsa, gaŵani ana m'magulu, ndipo gulu lililonse lilandire ulusi ndi mikanda yamitundumitundu. Atunge mikanda isanu, wachiŵiri ndi wachitatu ikhale yofanana, pakuti m'enkephalin malo aŵiriwo ali ndi glycine. Kenaka atunge ina isanu, asinthe womaliza wokha. Potero adzaona ndi maso kusiyana kwa enkephalin ziŵirizo.

Tsono bweretsani loko ndi makiyi angapo. Loko aimire malo olandirira uthenga pa selo lachiŵiri, kiyi aimire peputayidi. Kiyi woyenera yekha ndiye amatsekula. Apa funsani kuti: “Nanga morphine, wochokera ku chomera, amaletsa bwanji ululu mwa munthu?” Alekeni ayambe akambirana. Yankho lake ndi lakuti morphine amatsekula loko yemweyo wa enkephalin. Malo olandirira ameneŵa adaŵapeza Candace Pert ndi Solomon Snyder ku Baltimore mu 1973.

Phunziro lisathe musanachenjeze. Munthu akamamwa mankhwala otere kaŵirikaŵiri, maselo amazoloŵera, nafuna ochuluka kuposa kale. Mwana amene wamvetsa za loko ndi kiyi adzadziŵa chifukwa chake mankhwalaŵa ayenera kuperekedwa ndi dokotala yekha, ndi pamuyeso wake.