Chifukwa chiyani umbava umaunjikana pamalo amodzimodzi mumzinda?

Anthu akamva kuti wina wamulanda foni kapena wamuchita chipongwe, kawirikawiri amaloza chala dera lonse, n'kumati kumeneko n'koopsa. Koma kafukufuku waonetsa kuti milandu simwazikana mofanana mumzinda. Imaunjikana pa timalo tochepa monga kanjira kamdima, pamphambano, pafupi ndi malo omwera mowa kapena pokwerera mabasi.

Izi zidaonekera poyera m'chaka cha 1989 pomwe Lawrence Sherman ndi anzake adatulutsa zomwe adapeza ataunika mafoni oposa 300,000 omwe anthu adaimbira apolisi m'chaka chimodzi mumzinda wa Minneapolis, ku America. Theka la mafoniwo lidachokera pamalo atatu okha mwa malo 100 alionse.

Nako ku Seattle, David Weisburd ndi anzake adatsata milandu kwa zaka 14, kuchokera mu 1989 mpaka 2002. Chaka ndi chaka, theka la milandu linkachitika m'zigawo zinayi kapena zisanu zokha mwa zigawo 100 zilizonse za misewu, ndipo ambiri mwa malo ovutawo adali omwewo.

Nanga chimakoka mbava pamalo amenewa n'chiyani? Mu 1979 akatswiri awiri, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, adafotokoza kuti mlandu umachitika zinthu zitatu zikakumana: munthu wofuna kuba, chinthu chosavuta kuba, ndi kusowa kwa munthu woyang'anira. Padepoti, mwachitsanzo, pamadutsa anthu ambiri osadziwana, ndalama ndi mafoni zili m'matumba, ndipo aliyense maso amakhala pa ulendo wake. Mbava ikaba pamenepo osagwidwa, mawa imabwereranso.

Phindu la kudziwa zimenezi n'lakuti apolisi, omwe amakhala ochepa, angathe kuika mphamvu pomwe pali vuto. Ku Minneapolis komweko adayesa njirayi pamalo 110 ovuta. Pamalo 55 adachulukitsa nthawi yomwe apolisi ankakhalapo, ndipo madandaulo a milandu adatsika poyerekeza ndi malo enawo.

Ena amafunsa ngati mbavazo sizingosamukira msewu wina. Kafukufuku wa ku Jersey City adapeza kuti nthawi zambiri sizitero, ndipo misewu yoyandikana nayo imapeza nawo mpumulo. Chifukwa chake n'chakuti mwayi womwe mbava imapeza pamalo amodzi supezeka paliponse.

Ntchitoyi si ya apolisi okha. Ku Philadelphia, kuyeretsa mapuloti osiyidwa ndi kudzalamo udzu ndi mitengo kudachepetsa ziwawa za mfuti m'madera osauka. Choncho makhonsolo a mizinda, eni mabizinesi ndi makomiti achitetezo cha m'madera ali ndi mbali yawo, monga kuika magetsi, kutchetcha tchire ndi kutseka mabwinja.

Mwambi woti ikaola imodzi zaola zonse sugwira ntchito pankhaniyi. Ngakhale m'dera lomwe lili ndi mbiri yoipa, misewu yambiri imakhala yabata, ndipo kusala anthu onse okhala kumeneko n'kulanga osalakwa, kwinaku malo enieni ovutawo akusiyidwa momwe alili.