Kodi kampani ingakuletseni kusintha foni imene mudagula ndi ndalama zanu?

Ambiri a ife tidaziwonapo izi. Mwana amene ali kunja watumizira makolo ake lamya ya m'manja yamakono, banja lonse lakondwa, koma poikamo simu khadi ya kuno kwathu foni ija ikukana kugwira netiweki. M'mawa mwake ulendo wa kumsika, kwa anyamata okonza mafoni, kuti akaitsegule. Wina galasi la foni yake lasweka, wakaikitsa lina lotsikirako mtengo, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni ikumuuza kuti chipangizo chimene chaikidwacho siikuchidziwa. Pamenepa munthu amadzifunsa kuti: kodi chinthuchi n'changa, kapena chikadali cha kampani imene idachipanga? Funso limeneli lakhala likukambidwa m'nyumba za malamulo ndi m'mabwalo a milandu ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo n'kwabwino kuti nafenso tidziwe pamene nkhaniyi yafika.

Kusintha foni kuli mitundu itatu

Poyamba tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi kuchotsa loko wa netiweki. Makampani a lamya m'maiko olemera ankagulitsa foni pamtengo wotsika kwa munthu amene wasaina mgwirizano wa zaka ziwiri, ndipo pofuna kuti asathawire kwa opikisana nawo, ankaimanga foniyo kuti izilandira simu khadi yawo yokha. Chachiwiri ndi kugumula mpanda wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni, kuti mwini wake athe kuikamo mapulogalamu amene kampani sidawavomereze. Pa iPhone zimenezi amazitcha jailbreak, mawu otanthauza kuthawa m'ndende, pamene pa mafoni a Android amati root. Chachitatu ndi kukonzetsa foni kwa mmisiri amene mwamufuna nokha, ndi zipangizo zimene mwazisankha nokha, monga batire kapena galasi.

Chitsulo n'chanu, pulogalamu mwangololedwa kuigwiritsa ntchito

Munthu akagula njinga atha kuipaka utoto wina, kusintha chishalo, ngakhale kuiwotcherera kaliyala kuti ikhale ya kabaza, ndipo amene adaipanga alibe nazo kanthu. Foni yamakono ndi yosiyana chifukwa ili ndi mbali ziwiri. Pali zogwirika: chitsulo, galasi, batire. Zimenezi mukalipira zasanduka zanu. Ndiye pali pulogalamu imene imapatsa foniyo nzeru, ndipo popanda iyo chimene mwagwira m'manja ndi chitsulo chozizira chabe. Pulogalamu imatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba, lomwe lija loteteza mabuku ndi nyimbo. M'mawu ataliatali amene amatuluka poyatsa foni koyamba, amene ambirife timangovomera osawerenga, makampani amanena poyera kuti pulogalamuyo sadakugulitseni, koma angokupatsani chilolezo choigwiritsa ntchito potsata mfundo zawo. Gwero la mkangano wonse lili pamenepa.

Mmene nkhani idayendera ku America

M'chaka cha 1998 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Digital Millennium Copyright Act. Gawo lina la lamuloli limaletsa kuthyola loko aliyense amene mwini zolemba waika pa katundu wake. Wochita zimenezi mwadala ndi cholinga chopeza phindu atha kulipitsidwa ndalama zofika madola 500,000 kapena kumangidwa mpaka zaka 5 pa mlandu woyamba. Opanga lamuloli ankaganiza za anthu okopera mafilimu ndi nyimbo, koma mawu ake adali otambalala kotero kuti adakhudzanso mafoni. Mwayi wake n'ngwakuti lamulo lomwelo lidasiya khomo: pa zaka zitatu zilizonse, mkulu wa laibulale ya nyumba ya malamulo, yotchedwa Library of Congress, amamva madandaulo a anthu n'kulengeza zinthu zimene zapatulidwa pa chiletsocho.

Kampani ya Apple idatulutsa iPhone yoyamba mu June 2007, ndipo ku America inkagwira ntchito pa netiweki ya AT&T yokha. Pofika mu August chaka chomwecho, mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, adali ataitsegula kuti ilandire simu khadi ya kampani ina. Mwezi wotsatira Apple idatulutsa pulogalamu yatsopano imene idachititsa mafoni ena otsegulidwa kuleka kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo padakhala kuthamangitsana: kampani ikatseka bowo ili, akatswiri ankapeza lina. M'chaka cha 2008 Jay Freeman adayambitsa Cydia, msika wa mapulogalamu a mafoni ogumulidwa mpanda.

Bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa nkhani za makompyuta, Electronic Frontier Foundation, lidapempha boma kuti livomereze mchitidwewu. Apple idatsutsa. Idati kugumula mpanda n'kuphwanya umwini wake, kumatsegula njira yobera mapulogalamu, kumachititsa foni kuzima mwadzidzidzi, ndipo kungathe kusokoneza nsanja za netiweki. Mu July 2010 chigamulo chidatuluka mokomera eni mafoni. Akuluakulu oona za umwini wa zolemba adapeza kuti chimene munthu amasintha pogumula mpanda ndi kachigawo kochepetsetsa, pafupifupi kamodzi mwa zigawo 160,000 za pulogalamu yonse, ndiponso kuti amachita zimenezi pa foni yakeyake, kuti aikemo mapulogalamu amene wawapeza mwachilungamo. Chilolezochi chakhala chikuwonjezeredwa nthawi m'zaka za 2012, 2015, 2018, 2021 ndi 2024.

Nkhani ya loko wa netiweki idayenda mokhotakhota. Kuchotsa loko kudaloledwa mu 2006, koma pa kuunika kwa 2012 chilolezocho chidachotsedwa pa mafoni atsopano, kuyambira mu January 2013. Anthu oposa 100,000 adasaina chikalata chodandaula ku ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo pa 1 August 2014 Pulezidenti Barack Obama adasaina lamulo lobwezeretsa ufuluwo. Maiko ena adapita patsogolo kuposa apa. Canada idaletsa kugulitsa mafoni okhala ndi loko wa netiweki kuyambira mu December 2017, ndipo Britain idachita chimodzimodzi mu December 2021. N'chifukwa chake mafoni atsopano ochokera ku Britain savutanso monga ankachitira akale aja.

Kuloledwa ndi lamulo si kuthandizidwa ndi kampani

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Chigamulo cha 2010 chidangonena kuti mwini foni sangazengedwe mlandu wothyola loko. Sichidalamule kampani kuti isiye chitseko chosatseka. Choncho kampani ili ndi njira zake zoletsera popanda kupita kukhoti. Itha kukana kukonza mwaulere foni imene yawonongeka chifukwa cha kusinthako, ngakhale nthawi ya waranti isanathe. Itha kutseka mabowo onse ndi pulogalamu yatsopano. Kampani ya Huawei idaleka mu 2018 kupereka manambala achinsinsi otsegulira mafoni ake. M'mafoni ambiri a Samsung muli kafyuzi kakang'ono kamene kamapsa kamodzi kokha munthu akaikamo pulogalamu yachilendo. Kakapsa sikabwereranso, ndipo mbali zina za chitetezo, monga chikwama cholipirira ndi malo obisamo zinthu zachinsinsi, zimaleka kugwira ntchito mpaka kalekale. Pali makampani ena, monga Google pa mafoni ake a Pixel, amene amalola mwini foni kutsegula yekha, atamuchenjeza kuti zonse zimene adasungamo zifufutika.

Tisaiwalenso kuti mantha a makampani si abodza onse. Mpanda umene umakuletsani kuika zimene mukufuna ndi womwewo umene umaletsa pulogalamu ya mbava kuwerenga mauthenga anu ndi manambala anu achinsinsi. Pa chifukwa chimenechi mapulogalamu ambiri a mabanki amakana kutseguka pa foni yogumulidwa mpanda.

Ufulu wokonzetsa kumene mukufuna

Masiku ano mkangano waukulu wasamukira pa nkhani yokonzetsa. Kumayambiriro kwa 2016 kudamveka madandaulo a anthu amene ma iPhone awo adangouma, n'kumaonetsa uthenga wakuti Error 53, chifukwa batani lozindikira chala lidasinthidwa ndi mmisiri wosavomerezedwa ndi kampani. Apple idapepesa n'kutulutsa pulogalamu yodzutsira mafoniwo. Koma ku Australia nkhani idafika kukhoti, ndipo mu June 2018 kampaniyi idalamulidwa kulipira madola 9 miliyoni a dzikolo chifukwa chouza makasitomala ena kuti ataya ufulu wothandizidwa popeza adakonzetsa kwina.

Njira ina imene makampani amagwiritsa ntchito ndi yolembetsa chipangizo chilichonse, batire kapena galasi, ku foni imodzi yokha, kotero kuti ngakhale chipangizo chenicheni chochotsedwa pa foni inzake chimaoneka ngati chachilendo. Chigawo cha Oregon ku America chidapanga lamulo loletsa mchitidwewu mu 2024, chitatsogoleredwa ndi New York imene idakhazikitsa lamulo la ufulu wokonzetsa zipangizo zamagetsi mu December 2022. Nawo maiko a mu mgwirizano wa European Union adalamula kuti kuyambira pa 20 June 2025, wopanga foni yatsopano azipereka zipangizo zosinthira kwa zaka zosachepera 7 mtundu wa foniyo utaleka kugulitsidwa, ndi mapulogalamu atsopano kwa zaka zosachepera 5. Kumeneko komweko, kuyambira mu March 2024, Apple idakakamizidwa kulola misika ina ya mapulogalamu pa iPhone, chinthu chomwe chija anthu ankagumulira mpanda.

Malamulo amenewa ndi a eni ake, sagwira ntchito m'makhoti athu. Komabe zipatso zake zimatifika, chifukwa kampani siipanga foni ya dziko lililonse payokha. Ulaya atalamula kuti mafoni onse akhale ndi potchajira pamtundu umodzi, iPhone ya 2023 idatuluka ndi potchajira pamenepo pa dziko lonse lapansi.

Pamene pali malire

Palibe dziko limene ufulu wosintha foni umatanthauza ufulu wotenga cha mwini. Kugumula mpanda kuti muikemo mwaulere mapulogalamu ogulitsa ndi kuba ntchito ya amene adawalemba. Kusintha nambala ya IMEI, imene ili ngati chiphaso cha foni iliyonse, ndi njira yobisira mafoni obedwa, ndipo ku Britain ndi mlandu kuyambira mu 2002. Loko womangirira foni ku dzina la mwini wake, amene Apple idayambitsa mu 2013, adaikidwa kuti wakuba asapindule; foni yogulitsidwa motchipa ili ndi loko wotere iyenera kutipatsa mafunso. Chimodzimodzinso foni yotenga pangongole, imene imadzitseka mukalephera kulipira: mpaka mutamaliza ngongole, siinakhale yanu kwathunthu, ndipo kukaiflashitsa kuti muzembe malipiro n'kuphwanya pangano limene mudalowa mwa kufuna kwanu.

Tichite bwanji tsono?

Yankho la funso lathu lili pawiri. M'maiko amene nkhaniyi idaweruzidwa, kampani singakutengereni kukhoti chifukwa chosintha foni imene mudagula mwachilungamo. Koma itha kukuumitsirani njira, itha kukana kukuthandizani zikavuta, ndipo zotsatira zake mumasenza nokha. Choncho pogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, ikanimo simu khadi yanu pomwepo musanalipire, ndipo wogulitsayo achotsemo dzina lake inu mukuwona. Wachibale akafuna kukutumizirani foni, mupempheni ayambe wafunsa kampani yake kuti ichotse loko. Popita nayo kwa mmisiri, sungani kwina zithunzi ndi manambala anu, ndipo mufunseni chimene akufuna kuchita ndi chimene chidzaleke kugwira ntchito akatha. Paja safunsa adadya phula. Makamaka inu asungichuma a magulu, amene mumasunga ndalama za anzanu pa foni, musalole kuti mpanda wa foni imeneyo ugumulidwe, pakuti chimene chingatayike si chanu chokha.