Watuluka kapena wathawa?

Mayi wina wa kwa Mwadzama anandifunsa za mnyamata yemwe anaba maukonde padoko lawo. Anagamulidwa zaka zitatu, koma zitangotha ziwiri ali kale panyanja, akupalasa bwato. "Kodi wathawa, kapena anapereka kenakake?"

Inenso kale ndinkayesa kuti zaka zitatu n'zitatu basi. Chonsecho lamulo la ndende limalola kuti mkaidi wosunga mwambo amuchotsereko gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Ena amatuluka pa chikhululukiro cha Pulezidenti, kawirikawiri pa 6 July kapena pa Khirisimasi. Enanso amakhala kuti ali pa belo, mlandu usanathe.

Mndandanda wa otuluka simungaupeze pafoni. Zili ngati kaundula wa kwa amfumu: mumapita komwe kuli bukulo. Yambirani ku khoti la majisitireti pa boma la Nkhotakota, mukafunse kalaliki za chigamulo. Mukakhala ndi nambala ya mlandu, sachedwa kupeza failo. Tsiku lotuluka limalembedwa kundende komwe anagwirira ukaidi. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha polemba kalata, ngakhale zina zokhudza chinsinsi cha munthu akhoza kukukanizani.

Musanamumemere anthu mwana wa eni, kafunseni kaye.